Nsalu ya Phula ya Atikonda

Atikonda atalephera mayeso a Chingerezi kachitatu, sanalire. Anazimitsa foni, naiponya m'thumba la jekete, nakhala pa benchi ya pa siteshoni ya Barking kumangoyang'ana sitima zikubwera ndi kupita. Munali mu Januwale, mphepo ikuluma makutu. Kuti munthu akhoze pamafunika giredi 4. Iye anapezanso 3.

Ngati inunso munaonapo dzina lanu litakhala pambali pa nambala yoperewera, musathamange. Nkhaniyi ndi yanu.

Atikonda anabwera ku London ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, kutsatira mayi ake, a Margaret, omwe ndi namwino. Ku Blantyre sanali mbuli m'kalasi. Koma Chingerezi cha kuno chinamupeza chikuthamanga, ndipo tsiku lina atawerenga mokweza, anzake anaseka katchulidwe kake. Kuyambira pomwepo pakamwa pake panatsekeka. Masamu anakhoza, sayansi anakhoza, koma popanda Chingerezi sakanaloledwa kuphunzira unamwino umene mayi ake ankamufunira.

Tsiku limenelo a Margaret atabwera ku shifiti anamufunsa asanavule ndi nsapato zomwe.

"Zatuluka bwanji?"

"Ndi 3 yomwe ija, Mami."

A Margaret anakhala pansi.

"Ndiye Lamulungu ndikanena chiyani kutchalitchi? Amake Chimuka akandifunsa. Pakamwa pawo ukupadziwa."

Amake Chimuka ndi mayi wa ku Lusaka, mnzawo wa a Margaret, wa mawu aakulu ndi mtima wosasunga kanthu. Mwana wawo anali kale pa yunivesite ku Greenwich.

Atikonda anasiya kupita kutchalitchi. Anasiyanso kuwerenga. Akaona tsamba lodzaza mawu a Chingerezi, ankayang'ana kumbali. Anapeza ntchito mu shopu yogulitsa katundu wakale amene anthu amapereka pothandiza ovutika, ndipo anapempha kuti azikhala m'chipinda cha kumbuyo kusankhula zovala. Kumeneko kunalibe womufunsa funso.

Tsiku lina kunabwera katoni ya mabuku akuluakulu, onunkha fumbi ndi fodya. Mwini wake anali atamwalira. Anali mabuku a zaluso za ku Asia: mbiya za ku China, mapepala opindapinda a ku Japan, nsalu zodinda ndi matabwa za ku India. A Brenda, mayi wachikulire woyang'anira shopuyo, anangowasuzumira.

"Olemera chonchi palibe angagule. Kaike panja, galimoto ya mapepala idzatenga."

Akunyamula, pansi pa katoni panang'ambika, buku limodzi n'kugwa chotseguka. Atikonda anawerama kuti alitole, koma dzanja linaima m'malere.

Pa tsambalo panali chithunzi chakale cha mayi atakhala pa kampando kakafupi. Nsalu imene anavala m'chiuno inali ya mbalame za michira yaitali, masamba, timadontho, ndi timizere topyapyala tonga ming'alu. Inali ngati chitenje chimene a Margaret amamanga Loweruka akamakolopa, chimene anagula ku Limbe. Koma mayi wa pa chithunziyo sanali wa ku Africa. Pansi pake Atikonda analola maso ake kuwerenga liwu limodzi lokha: Java, dzina la chilumba china cha ku Asia.

Chitenje cha Mami chinafika bwanji ku Java?

Funsoli linamukakamira ngati chisoso pa siketi. Anapempha a Brenda bukulo.

"Tenga, mwanawe, wandipeputsira."

Kunyumba ankalitsegula tsiku ndi tsiku, koma zithunzi zokha. Mawu ankawadumpha ngati matope. Pa chithunzi china mayi ankatunga phula losungunuka ndi kachikho ka mkuwa ka kamlomo kakang'ono, n'kumajambula nalo pa nsalu yoyera. Pa china nsalu yonse inali yodzaza mizere ya phula. Pa china panali mphika waukulu ukufuka nthunzi, bambo akutakasa nsalu ndi ndodo. Pomaliza panali nsalu yomalizika, yokongola mochititsa mantha.

Atikonda anaganiza, naganizanso, mpaka anatulukira chinsinsi: pamene pakhala phula, utoto sulowa. Luso limeneli amalitcha batiki.

Anapinda kachitsulo ka chitini cha matimati, nakamangirira ku kamtengo. Anasungunula makandulo m'kapoto kakale. Phula linkadontha paliponse, linamutentha zala, ndipo alamu ya utsi inalira mpaka oyandikana nawo anagogoda khoma. Koma anapitiriza, kujambula pa mapilo akale amene ku shopu akanawataya. Patapita masabata dzanja linakhazikika, mzere n'kumayenda kumene iye wafuna.

Sananyike ngakhale imodzi mu utoto. Kujambula ndiye kunkamukoma, ndipo kunyika kunkaoneka kosavuta. Ndani sadziwa kunyika nsalu?

Loweruka lina kunabwera Stephanie, msuweni wake, mwana wa amalume ake a ku Croydon. Stephanie salowa m'nyumba mwakachetechete. Anakankha chitseko cha kuchipinda napeza nsalu yaphula itapachikidwa pawindo, dzuwa likuwala kudutsa m'mizere yake.

"Ati! Ichi n'chiyani? Wajambula wekha? Iwe ndiwe mfiti, eti?"

Atikonda anafuna kuichotsa, koma Stephanie anamugwira mkono.

"Tamvera. Chinkhoswe changa ndi Walter chili mu Ogasiti. Ndikufuna nsalu yondifunditsa upange iweyo. Ndatopa nazo za ku Limbe, holo imodzi azimayi anayi chitenje chofanana ngati kwaya."

A Margaret anamva ali kukhitchini.

"Stefa, usamunamize mwanayo. Pa chinkhoswe pamabwera anthu, si poyeserera zinthu."

Atikonda anayang'ana zala zake zamatuza. Kenako anamva mawu akutuluka m'kamwa mwake iye asanawalole.

"Ndipanga."

Anagula nsalu yoyera ya thonje, yotalika ngati chitenje. Sanakopere mbalame za ku Java. Anajambula nkhunda za pa siteshoni ya Barking, zimene ankazidziwa kayendedwe kake konse, zikuuluka pakati pa masamba a papaya onga a kuseri kwa nyumba yawo yakale ku Blantyre. Akaweruka kuntchito ankawerama pa nsaluyo mpaka msana kuwawa. Inamutengera mwezi wathunthu.

Tsiku lonyika litafika, a Margaret anali atafewa mtima. Anaona chithunzi cha mphika wa nthunzi chija nagwedeza mutu.

"Izi ndiye ndikuzidziwa. Ku Ndirande siketi ya yunifolomu ikasuluka tinkaiwiritsa mu utoto ndi mchere. Utoto wosawira sugwira, mwana wanga. Tenga sefuliya yaikulu ija."

Anawiritsa madzi, nathira utoto wabuluu ndi mchere wodzaza dzanja. Atikonda anaimiza nsalu yake pang'onopang'ono, a Margaret akutakasa ndi mthiko. Posakhalitsa m'khitchini munayamba kununkha kandulo. Pamwamba pa madzi panayandama zinthu zonga mafuta.

"Mami, taonani pamwambapo."

Anaivuula msanga, koma zinali zitatha. Nsalu inatuluka yabuluu kuyambira uku mpaka uko. Nkhunda zonse zinali zitasungunuka. Panalibe ngakhale nthenga imodzi. Pothira madziwo mu sinki, phula linauma m'paipi n'kuitseka.

"Ndinanena ine," anayamba a Margaret, koma anakumbukira amene anatchula za kuwiritsa, nayamba kutsuka sefuliya.

Stephanie atamva pa foni sanakwiye.

"Usadandaule, Ati. Anti anga ena akubwera kuchokera kumudzi, ndiwauza abweretse chitenje. Unayesetsa."

Mawu oti unayesetsa anamupweteka Atikonda kuposa chitonzo. Anali atawamva katatu konse kwa aphunzitsi.

"Undipatse mpata pang'ono."

"Mpaka Julaye athe. Zikakanika tigula, osakwiya."

Ndikanakonda kukuuzani kuti chimene chinamudzutsa chinali kulimba mtima. Ayi. Masiku oyamba sanafune n'kuliona komwe bukulo. Chimene chinamusowetsa mtendere chinali funso. Mphika wa pa chithunzi unkawira, nthunzi anaiona ndi maso ake. Nanga phula la ku Java silinasungunuke bwanji?

Anayang'ana chithunzicho mpaka maso kuwawa. Chithunzi sichinayankhe. Yankho linali m'mawu amene ankawadumpha aja.

Anapita nalo bukulo kuntchito. Pa nthawi yopuma anakhala pa thumba la zovala, naika chala pansi pa mzere woyamba. Anafuna kuyang'ana kumbali monga kale, koma sanachotse chala. Liwu lovuta ankalifufuza pa foni. Foni ikamusokoneza, ankapita kwa a Brenda.

"Pepani, liwu ili likutanthauza chiyani?"

A Brenda anavala magalasi namuyang'ana.

"Kodi iwe umayankhula? Bwera nalo kuno."

Tsamba limodzi linamutengera masana awiri. Ndipo pakati pa tsambalo anapeza chimene ankafuna. Utoto wa batiki umakhala wozizira. Nsalu amainyika m'madzi osatentha kuti phula lisasunthe. Mphika wa nthunzi uja si wa utoto ayi, ndi wa pamapeto penipeni, wochotsera phula utoto utagwira kale. Iye ndi mayi ake anachita choyamba ndi chomaliza m'mphika umodzi.

Atikonda anaseka yekha m'chipinda muja mpaka a Brenda anasuzumira.

Atayamba kuwerenga sanathenso kusiya. Anapeza kuti phula la kandulo lokha limasweka msanga, limafunika kusakaniza ndi la njuchi. Anapeza kuti liyenera kutentha mokwanira kuti lilowe mpaka kuseri kwa nsalu, ndiponso kuti aluso amajambula mbali zonse ziwiri. Kumapeto kwa bukulo anapeza yankho la funso lake loyamba lija. Amalonda a ku Ulaya anaona batiki ku Java nayesa kumupanga ndi makina. Anthu a ku Java sanazikonde nsalu za makinazo, koma zitafika kumadzulo kwa Africa anthu anazilandira, n'kuyamba kufalikira. Timizere tonga ming'alu tija ndi chizindikiro cha phula losweka, pamene utoto unalowa pang'ono.

Anathamangira kunyumba, natenga chitenje cha mayi ake pa chingwe, nawaonetsa timizereto.

"Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikukolopa nditavala za ku Java?" anaseka a Margaret. Kenako anasiya kuseka. "Zonsezi wawerenga iweyo? M'buku limenelo?"

"Latsala pang'ono kutha."

A Margaret anayang'ana kukula kwa bukulo, nayang'ana mwana wawo. M'mawa mwake Atikonda anapeza ndowa ziwiri zatsopano pakhomo pa chipinda chake.

Anakwera sitima ya District mpaka ku Upton Park, kumene kuli mashopu ambiri a nsalu a anthu ochokera ku India ndi Bangladesh. Anafunsa za utoto wonyikira m'madzi ozizira. Wogulitsa woyamba sanamve, ndipo Atikonda anafuna kutuluka. Koma anabwereza, mokweza pang'ono. Anamulozera shopu ina, a ku shopu inayo anamulozeranso ina, mpaka anabwerera ndi utoto, phula la njuchi, ndi kachikho kenikeni ka mkuwa konga ka pa chithunzi.

Ulendo uno anayamba ndi tizidutswa. Kena utoto unalowa pansi pa phula, nkhunda n'kuoneka ngati yanyowa ndi mvula. Kena kanatuluka kotuwa. Kena phula linatentha kwambiri n'kumwazika, mbalame n'kusanduka mbatata. Bafa linasanduka labuluu, manja ake anasanduka abuluu, ndipo mu basi ana ankamuyang'anitsitsa. Kachidutswa kalikonse kakalephera, ankabwerera ku buku kukafunsa chifukwa chake.

Kenako kena kanatuluka bwino. Nkhunda imodzi yoyera, yakuthwa mizere, itaima pa buluu wozama.

Anagula nsalu ina yoyera nayambiranso. Dzanja linali litadziwa njira, koma ntchito inachuluka kawiri chifukwa tsopano ankajambula mbali zonse. Chakumapeto phula linadontha pakona n'kusiya banga loyera losafunika. Nthawi yoyambiranso panalibe. Analisiya.

Ananyika m'ndowa ya madzi ozizira, nayanika, nanyikanso. Julaye ali pafupi kutha anaika sefuliya ija pamoto, ya madzi okhaokha, ndipo atawira anamizamo nsaluyo. A Margaret anaima patali atapinda manja.

"Ine lero sindiyankhula."

Phula linayandama monga tsiku lija, fungo lomwe lija. Atikonda anayandikira sefuliya. Anakweza nsalu ndi mthiko, ndipo mu nthunzi munatuluka phiko loyera, kenako mutu, kenako nkhunda zonse pakati pa masamba ake.

A Margaret anaiwala lonjezo lawo naimba nthungululu m'khitchini.

Chinkhoswe chinachitikira mu holo ina ku Croydon. Mwambo wake mukuudziwa: mkwati amatuluka atafunditsidwa nsalu kuyambira kumutu, pamodzi ndi ena ofunditsidwanso, ndipo mwamuna amayenera kuloza wake. Akalakwitsa amalipira chindapusa, anthu akuseka.

Atikonda anapita nayo nsalu kuchipinda chimene azimayi ankamuveka Stephanie. Amene anailandira anali amake Chimuka. Anaitambasula, anaitembenuza, anainunkhiza, chala chawo n'kuima pa banga lija. Nkhope yawo sinaonetse kanthu.

"Iwe mwana, choka. Apa ni pa akulu."

Akutuluka anacheuka, naona azimayi akumufunditsa Stephanie chitenje chofiira cha m'sitolo.

Aikana, anaganiza. Aona banga. Anakakhala pa mpando wa kumbuyo pafupi ndi chitseko, akuganiza zozemba kukakwera thiramu, kasitima ka mumsewu, anthu asanayambe kumufunsa za sukulu. Anaimirira kamodzi. Anakhalanso, poti anafuna kuona mathero ake.

Nyimbo inayamba. Azimayi anatuluka akuvina pang'onopang'ono, akutsogolera anthu atatu ofunditsidwa. Woyamba anali m'chitenje chobiriwira, womaliza m'chofiira. Wapakati anali m'nsalu ya nkhunda. Pansi pa magetsi a mu holo buluu uja anazama ngati madzi, ndipo wovalayo akamasuntha mbalame zinkaoneka ngati zikukupiza. Phokoso linatsika. Anthu anayamba kukweza mafoni.

Walter anaimirira akumwetulira. Sanayang'ane msinkhu, sanayang'ane nsapato. Analunjika wapakati.

"Wanga ndi uyu."

"Mwatsimikiza, achimwene?" anafunsa woyendetsa mwambo. "Mukatenga mwatenga, kuno sitibweza katundu."

"Ndi mtima wonse. Nsaluyi ndikuidziwa."

Anakweza nsalu. Pansi pake panatuluka amake Chimuka, manja ali tambalale.

"Bwela, dalingi wanga! Nakuyembekeza zaka zambili!"

Holo yonse inagwa ndi phwete. Walter anabwerera m'mbuyo atagwira mutu, anzake akumuwombera m'manja momunyoza. Zinadziwika kuti Stephanie anali atamutumizira chithunzi cha nsaluyo pa foni kuti asavutike, ndipo azimayi atazitulukira anamutchera msampha.

Walter atalipira chindapusa n'kupeza mkazi wake weniweni m'chitenje chofiira, amake Chimuka anamanga nsalu ya nkhunda m'chiuno nayamba kuvina nayo. Azimayi anawazungulira, kuigwira, kuitembenuza.

"Ya ku Tanzania imeneyi?"

"Ayi, ya ku Congo. Taonani kuseri ndi kumaso n'chimodzimodzi."

Amake Chimuka analanda maikolofoni.

"Congo ya kuti? Yapangiwa mu Barking iyi! Ba Margaret, muli na mwana wa manja so, mumubisa mu nyumba?"

"Mukanadziwa zimene anaichita sinki yanga!" anayankha a Margaret akupukuta m'maso. "Ati, bwera kuno anthu akuone."

Atikonda anayenda holo yonse maso ali pansi, manja ake a zikhadabo zabuluu atawabisa kumbuyo.

"Anti, bwezani nsalu yanga!" anakuwa Stephanie.

"Sinibweza, mpaka uyu mwana anilonjeze yanga." Anamuika Atikonda maikolofoni pakamwa. "Kamba, tonse timvele."

Anthu anatchera khutu. Atikonda anakweza mutu.

"Ndikupangirani, Anti. Koma muzidikira. Sizifuna kuthamanga."

"Wamva, Walter?" anatero amake Chimuka. "Sizifuna kuthamanga!"

Anthu anasekanso, ndipo amake Chimuka anamasula nsaluyo naiika pa mapewa a Stephanie. Stephanie anavina nayo mpaka mwambo kutha.

Lero Atikonda akuphunzira zopanga nsalu pa koleji ina kuno ku London. Loweruka mukhoza kumupeza pa msika ku Greenwich, nsalu zake zitapachikidwa kumbuyo kwake, akuonetsa anthu odutsa kagwiridwe ka kachikho ka mkuwa. Amayankhulabe motsitsa, moti ofuna kumva amachita kuwerama. Masiku ano wabwereka ku laibulale buku la mmene anthu a ku Japan amamangira nsalu ndi ulusi asanainyike, ndipo tizidutswa take toyamba tikulephera ndithu. Akuti sakudziwabe chifukwa chake, ndipo akamanena zimenezi maso ake amawala.

Inu amene mwakhala pansi chifukwa chinthu china chakukanikani kawiri, katatu, mwina mphamvu zolimbira mtima mulibe. Palibe kanthu. Funani kafunso kamodzi kamene kakukusowetsani mtendere, mukatsate, ngakhale kakulowetseni pa khomo limene mumaliopa. Ntchito ya mwezi wathunthu ikasungunuka m'manja mwanu, funsani chifukwa chake, mugule nsalu ina yoyera.

Osataya mtima. Yambaninso.